Thupi la Nyamalikiti ndi Kaphunzitsidwe Kace

(Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi m'Cigawo ca Kum'mawa)



Mphunzitsi akalowa m'kalasi liri lonse ndi kufunsa kuti, "Nyama yaitali koposa zonse pa dziko lapansi ndi iti?" manja onse akwera, ndipo ana ayankha pamodzi kuti ndi nyamalikiti. Akafunsanso kuti, "Nanga mwazi ukwera bwanji kucokera ku mtima kufika ku mutu umene uli kutali cotero?" kalasi lonse likhala cete, ndipo kawirikawiri mphunzitsi mwini wace alibe yankho. Apa ndipo pagona bvuto la phunziro la zacilengedwe m'sukulu zambiri za m'midzi. Ana aloweza maina a ziwalo monga aloweza mathebulo a masamu, koma sauzidwa nchito ya ciwalo ciri conse, kapena cifukwa cace cinakhala monga ciri. Mayeso akatha, zonse ziuluka.

Nkhani ya lero ifuna kuonetsa cinthu cimodzi cokha. Utali wa nyamalikiti suli waulere. Nyama imene mutu wace uli mamita 5 pamwamba pa nthaka ipindula masamba amene zinzace sizingawafikire, koma utali womwewo uibweretsera mabvuto akulu: kusenza khosi, kukweza mwazi, kumwa madzi, kuyenda, ndi kubala mwana. Pafupifupi ciwalo ciri conse ca nyamayi ndi yankho la limodzi la mabvuto amenewa. Mphunzitsi amene aphunzitsa motere safunikira kukakamiza ana kuloweza, pakuti funso limodzi libala linzace, ndipo mwana amene wamvetsa bvuto saiwala yankho lace.

Nyamalikiti ya m'Cigwa ca Luangwa

Aphunzitsi a cigawo cino ali ndi mwai umene anzao a ku maiko ena alibe. M'Cigwa ca Luangwa muli mtundu wa nyamalikiti umene supezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi. M'mabuku aulemba nyamalikiti ya Thornicroft, kutengera dzina la Harry Thornicroft, bwana wa boma ku Petauke pa nthawi ya atsamunda, amene anatumiza cikopa cace ku London. Kumeneko Richard Lydekker anaciyesa, nalemba za mtunduwo m'caka ca 1911. Koma Akunda ndi anthu ena a m'cigwamo anaidziwa nyamayi kalekale Azungu asanafike. Ku Malawi ambiri aicha kadyansonga, dzina lokamba bwino kadyedwe kace, pakuti idya nsonga za mitengo.

Yamphongo yokhwima italika mamita 5, ndipo zina zipitirira kufika mamita 5 ndi theka. Yaikazi italika mamita 4 kapena 4 ndi theka. Yamphongo ilemera makilogalamu ngati 1,200, ndiko kulemera kwa ng'ombe za m'mudzi zitatu kapena zinai, ndipo yaikazi ngati makilogalamu 800. Manambala amenewa akalembedwa pa bolodi pokha alibe tanthauzo kwa mwana. Mphunzitsi adule nsungwi yaitali mamita 5, aiimike pa cipupa ca chalichi kapena pa mtengo wa pabwalo la sukulu, ndipo mwana wamtali koposa m'kalasimo aime m'munsi mwace. Ana akakweza maso kuona nsonga ya nsungwiyo, phunziro layamba.

Khosi

Mabuku ena akale ndi aphunzitsi ena anena kuti khosi la nyamalikiti ndi lalitali cifukwa liri ndi mafupa ambiri. Zimenezi si zoona. Khosi la nyamalikiti liri ndi mafupa 7 okha. Munthu ali nao 7, mbuzi 7, njobvu 7, mbewa 7, ndipo pafupifupi nyama zonse zoyamwitsa ziri ndi ciwerengero comweco. Kusiyana kuli pa utali wa pfupa liri lonse. La munthu lalingana ndi kutambalala kwa cala, koma la nyamalikiti litalika masentimita 25 kapena kuposa, pafupifupi utali wa rula ya m'kalasi. Mafupa 7 otere akalumikizana apanga khosi la mamita 2.

Mwana ali yense angathe kuyesa izi pa thupi lace. Akaweramitsa mutu ndi kugwira kumbuyo kwa khosi, pamene khosi likomana ndi msana, apeza kapfupa kotumphuka. Kameneko ndi pfupa lacisanu ndi ciwiri. Ndipo pa mudzi akapha mbuzi ya ukwati, mphunzitsi apemphe mafupa a khosi, awawiritse, awaumike, nawatunge pa cingwe. Ana akawawerenga okha ndi kupeza 7, sadzakhulupiriranso bodza lija.

Tsono funso libwera lokha: khosi lolemera cotero liima bwanji tsiku lonse nyama osatopa? Yankho liri m'cingwe colimba ndi cotamuka ngati mphira, cimene ciyambira ku nkhongo ndi kutsika kumbuyo kwa khosi kufika pa mapewa. Pa mapewapo mafupa a msana ali ndi minga yaitali yoloza kumwamba, imene ipanga linunda, ndipo cingwe cija cimangika pamenepo. Ng'ombe iri naco cingwe cotere. Ndi mtsempha wacikasu uja wa pa khosi umene sutafunika ngakhale nyama ipse cotani. Mwa nyamalikiti cingweci cikoka khosi kumwamba nthawi zonse, kotero kuimika mutu sikufuna mphamvu yambiri. Nchito yaikulu iri pa kuweramitsa, ndipo nyamayo ikangomasula minofu, khosi libwerera lokha m'mwamba monga nsungwi imene munthu anaikokera pansi naitaya. Pamene cigaza cilumikizana ndi khosi palinso mfundo yomasuka kwambiri, yolola nyamayo kuloza mphuno kumwamba mpaka mutu ndi khosi zikhale mzera umodzi, ndipo potero ifikira masamba ena apamwamba.

Mtima ndi Mwazi

Ali yense amene anaona pampu ikweza madzi kulowa m'thanki ya pamwamba adziwa kuti thanki ikakwezeka, pampu iyenera kukankha mwamphamvu. Ubongo wa nyamalikiti uli mamita ngati 2 pamwamba pa mtima. Kuti mwazi ufike kumeneko, mtima uukankha ndi mphamvu yoposa ya munthu pafupifupi kawiri. Mphamvu yotere mwa munthu ndi matenda oopsa, koma mwa nyamalikiti ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Mmodzi wa oyamba kuyesa mphamvuyi pa nyamalikiti zamoyo anali dokotala Robert Goetz wa ku Cape Town, m'zaka za m'ma 1950.

Kwa zaka zambiri mabuku analemba kuti nyamayi iri ndi mtima waukulu modabwitsa.  Koma m'caka ca 2009 Graham Mitchell ndi John Skinner anaonetsa kuti poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lonse, mtimawo suposa wa nyama zina zoyamwitsa. Cinsinsi cace ciri m'cipupa ca cipinda ca kumanzere, cimene cikankha mwazi kupita ku thupi lonse. Cipupa cimeneco ndi cocindikala kwambiri, ndipo khosi likamatalika pokula nyama, ico cicindikalabe. Aphunzitsi amene ali ndi mabuku akale akonze mfundo imeneyi.

Mphamvu imene ithandiza mutu ibvuta miyendo. Mwazi wa ku ziboda upsinjidwa ndi mtima ndiponso ndi kulemera kwa mwazi wonse wa pamwamba pace. Munthu akaima nthawi yaitali mapazi atupa. Nanga nyama ya miyendo ya mamita pafupifupi 2 sitiiona yotupa cifukwa ninji, angafunse mwana. Yankho liri pawiri. Mitsempha ya m'miyendo iri ndi zipupa zocindikala, ndipo khungu la miyendo ndi lolimba ndi lothina, monga bandeji imene namwino akulunga pa mwendo wotupa. Madzi a m'mwazi alibe malo otulukira ndi kudikha.

Kumwa Madzi

Ngakhale khosi ndi lalitali, silifika pansi nyamayo itaima cilili, pakuti miyendo nayo ndi yaitali. Pofuna kumwa, nyamalikiti itangadza miyendo yakutsogolo uku ndi uku, kapena kuipinda, kenaka itsitsa mutu. Pamenepo mutu, umene unali mamita 2 pamwamba pa mtima, ukhala pansi pa mtima. Mwana akazondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba, amva mwazi ukudzaza kumaso, ndipo akadzuka msanga acita cizungulire. Nyamalikiti icita zotere ndi mwazi wothamanga kawiri, koma siikomoka.

M'mitsempha yaikulu ya m'khosi, yobweza mwazi ku mtima, muli tizitseko totseguka mbali imodzi, tonga ka pa cubu ca njinga kamene kalola mpweya kulowa koma osaturuka. Mutu ukatsika, tizitsekoti tiletsa mwazi kubwerera ku ubongo. Mitsemphayo ifutukukanso nisunga mwazi wambiri, kotero wofika ku mtima ucepa ndipo mphamvu yace itsika kwa kanthawi. Pansi pa ubongo palinso ukonde wa timitsempha tambirimbiri, umene mwazi upyolamo usanalowe m'ubongo; ng'ombe ndi mbuzi nazo ziri nao ukonde wotere. Mutu ukadzuka, mwazi wosungidwa uja utsikira ku mtima, ndipo zonse zibwerera m'malo mwace.

Komabe nthawi ya kumwa ndiyo yoopsa koposa kwa nyamayi. Itatangadza siingathawe msanga, ndipo mkango ndi ng'ona zidziwa zimenezi. Ndico cifukwa cace nyamalikiti iima nthawi yaitali pafupi ndi madzi ikuyang'ana uku ndi uku isanawerame, nimwa pang'ono, nidzutsa mutu mwadzidzidzi. Mwai wace ndi wakuti madzi ambiri iwapeza m'masamba, ndipo ingathe kukhala masiku angapo osamwa.

Miyendo ndi Kayendedwe

Pa mwendo wakutsogolo pali mfundo imene anthu aicha bondo. Kunena zoona imeneyo si bondo, koma ilingana ndi mfundo ya pa dzanja la munthu, pamene abvala wochi. Pfupa lalitali la m'munsi mwace lilingana ndi mafupa a m'cikhatho, amene analumikizana nakhala limodzi, ndipo ziboda ziwiri ndizo zikhadabo za zala ziwiri. Motero nyamalikiti iyenda ndi nsonga za zala, monga mbuzi ndi ng'ombe. Phazi la yamphongo yaikulu litambalala masentimita ngati 30, kulingana ndi mbale yodyera nsima, ndipo kukankha kwace kungathe kupha mkango. Miyendo yakutsogolo iposa yakumbuyo pang'ono cabe. Cimene cicititsa msana kuoneka wotsetsereka kwambiri ndi linunda lija la pa mapewa.

Miyendo yaitali pa thupi lalifupi ingathe kupingana. Nyamalikiti ipewa zimenezi poyendetsa miyendo iwiri ya mbali imodzi pamodzi: yakumanja yonse iwiri, kenaka yakumanzere yonse iwiri, monga icita ngamila. Ana angathe kuyesa kayendedwe aka pabwalo, akukwawa ndi manja ndi mapazi, ndipo adzaona okha cifukwa cace nyamayi iyenda modendekera. Pothamanga isintha: miyendo yakumbuyo iponyedwa kutsogolo kunja kwa yakutsogolo, khosi likugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo kuti thupi lisagwe. Pa mtunda waufupi ingathe kupitirira makilomita 50 pa ora.

Pakamwa ndi Cifu

Zonse zanenedwazi ndi malipiro. Phindu lace liri ku nsonga za mitengo. Koma mitengo yambiri imene nyamayi ikonda, monga mitundu ya mthethe ndi msangu, iri ndi minga. Lilime la nyamalikiti litalika masentimita ngati 45, ligwira ngati dzanja, ndipo lipyola pakati pa minga ndi kukulunga kanthambi. Kunsonga kwace ndi kwakuda mobiriwira. Mlomo wapamwamba nao ugwira, ndipo uli ndi ubweya. M'kamwa muli khungu lolimba, ndipo malobvu ace ndi olemera ndi onanda. Mphuno zingathe kutsekeka, kuti pfumbi ndi nyerere za m'mitengo zisalowe.

Mano ace ndi 32, monga a ng'ombe, ndipo monga ng'ombe ilibe mano akutsogolo a m'mwamba. M'malo mwace muli usinini wolimba. M'mbali mwa mano akutsogolo a m'munsi muli mano otambalala ndi ogawanika, amene apulula masamba pa nthambi monga mai apulula masamba a cinangwa. Cifu cace ciri ndi zigawo 4, ndipo ibzikula monga mbuzi. Munthu woyang'anitsitsa angathe kuona kambulu ka cakudya kakukwera m'khosi kucokera m'mimba, ulendo wa mamita oposa 2, kuti katafunidwenso.

Philip Berry, amene anayang'anira nyamalikiti za ku Luangwa kwa zaka zoposa 30 kuyambira m'ma 1970, analemba mitundu ya zomera yoposa 90 imene nyamazi zidya, pakati pace msangu ndi mvunguti. Msangu ndi wofunika kwambiri cifukwa uphuka masamba m'malimwe, pamene mitengo ina yayoyoka. Mwana wa m'mudzi audziwa mtengo umenewu m'munda wa atate wace, ndipo mphunzitsi wanzeru ayambira pa zimene mwana adziwa kale.

Nyanga, Maso ndi Maanga

Pa mutu pali tinyanga tiwiri tosiyana ndi nyanga za ng'ombe, pakuti takutidwa ndi khungu ndi ubweya moyo wonse. Mwana abadwa nato tiri tofewa, tonga khutu la munthu, ndipo tagona pa mutu kuti tisabvulaze mace pobadwa. M'kupita kwa nthawi tiimirira, tiuma nkukhala pfupa, ndipo potsiriza tilumikizana ndi cigaza. Apa pali njira yapafupi yosiyanitsira yamphongo ndi yaikazi: tinyanga ta yaikazi ndi toonda ndipo tiri ndi ubweya wakuda kunsonga, koma ta yamphongo ndi tonenepa ndi tadazi. Dazilo libwera kamba ka nkhondo. Zamphongo zikalimbirana yaikazi ziima mbali ndi mbali, nizunguza makosi ndi kumenyana ndi mitu monga nyundo. Cigaza ca yamphongo cionjezera pfupa caka ndi caka, kotero yokalamba iri ndi mutu wolemera ndi wa zotupa.

Maso ndi akulu, ali m'mbali mwa mutu, ndipo ali ndi nsidze zazitali. Pokhala pamwamba cotero aona kutali, ndipo nyamalikiti zingapo zikaima njo kuyang'ana mbali imodzi, mbidzi ndi nswala zidziwa kuti kuli coopsa. Si zoona kuti nyamayi ndi yosalankhula, monga analemba mabuku ena. Imina mwamphamvu ikadzidzimuka, ana alira poitana amao, ndipo m'caka ca 2015 anzeru a ku Vienna anajambula mau otsika, onga kung'ung'udza, amene nyamalikiti za m'malo osungiramo nyama ku Ulaya zituritsa usiku.

Maanga abisa nyamayi pakati pa mithunzi ya masamba, makamaka mwana amene wagona m'chire. Koma ali ndi nchito yinanso. Pansi pa banga liri lonse pali timitsempha tambiri, ndipo dzuwa likatentha mwazi upita kumeneko kukataya kutentha. Palibe nyamalikiti ziwiri zofanana maanga, monga palibe anthu awiri ofanana zidindo za zala, ndipo oyang'anira nyama azizindikira imodzi imodzi ndi maangawo. Ya ku Luangwa iri ndi maanga a m'mphepete mokhotakhota, onga masamba kapena nyenyezi, ndipo miyendo yace m'munsi ndi yotuwa. Zamphongo zambiri zida pokalamba, mpaka maanga akhale ngati makala.

Kubadwa

Yaikazi ikhala ndi bere miyezi ngati 15, ndipo kawirikawiri ibala mwana mmodzi. Ibala itaima, kotero mwana ayamba moyo wace ndi kugwa pafupifupi mamita 2. Aturuka miyendo yakutsogolo ndi mutu poyamba, ndipo kugwako kudula mcombo. Mwanayo abadwa wamtali mamita 1.8, kuposa aphunzitsi ambiri okhala m'cipinda muno. Ayenera kutero, pakuti wamfupi sakanafikira mawere a mace. Ora lisanathe waima, ndipo posacedwa atsata mace. Ngakhale ziri conco, m'malo a mikango ndi afisi ambiri, ngati theka la ana lifa caka coyamba cisanathe. Nyama yobala mwana mmodzi patapita nthawi yaitali cotero siicuruka msanga, ndipo mfundo imeneyi ikumbukike pofika kumapeto a nkhaniyi.

Khosi Linatalika Bwanji?

Ana a makalasi apamwamba adzafunsa funsoli, ndipo mphunzitsi asalithawe, pakuti safunsa anadya phula. M'caka ca 1809 Jean-Baptiste Lamarck wa ku France analemba kuti makolo a nyamalikiti anasolola makosi pofuna masamba, ndi kuti kusololako kunapatsira ana ao. Ganizo limeneli linakanidwa kalekale, koma limvekabe m'makalasi ena. Mwana wa wosula zitsulo sabadwa ndi mikono ya atate wace. Charles Darwin, amene buku lace lochuka linaturuka m'caka ca 1859, anafotokoza mwina: pakati pa nyama za mtundu umodzi zina zibadwa zazitali pang'ono, ndipo pa nthawi ya njala zimenezo zipulumuka ndi kusiya ana ofanana nazo, mibadwo ndi mibadwo.

M'caka ca 1996 Robert Simmons ndi Lue Scheepers ananena kuti cimene cinatalikitsa khosi ndi nkhondo ya zamphongo ija, pakuti ya khosi lalitali ndi lolemera ndiyo ipambana ndi kubala ana. Koma m'caka ca 2007 Elissa Cameron ndi Johan du Toit anaonetsa ku nkhalango ya Kruger ku South Africa kuti nyama zazifupi, monga nswala ndi ngoma, zitha masamba abwino a m'munsi, ndi kuti nyamalikiti ipinduladi podya pamwamba. Mphunzitsi auze ana maganizo onse awiri, ndi kuwafunsa kuti ngati nkhondo ndiyo cifukwa, yaikazi iri ndi khosi lalitali cifukwa ninji. Awauzenso za okapi, mbale wace wa nyamalikiti wokhala m'nkhalango zowirira za ku Congo, amene anzeru a ku Ulaya anamdziwa m'caka ca 1901. Iye ali ndi lilime lalitali, ndipo wamphongo ali ndi tinyanga tokutidwa ndi khungu, koma khosi lace ndi lalifupi, ngakhale mafupa ace ndi 7 omwewo. Sukulu za mpingo ziphunzitsa kuti cilengedwe ndi nchito ya Mlengi. Kufufuza m'mene nchitoyo iyendera sikucepetsa ulemu wace. Mmisiri alemekezedwa koposa ndi munthu amene wamvetsa m'mene denga linamangidwira.

Cifukwa Cace Phunziroli Lifunika

M'caka ca 1985 nyamalikiti za m'chire mu Africa monse zinali zoposa 150,000. Pofika 2015 zinali zosakwana 100,000, ndipo m'caka ca 2016 bungwe la IUCN linaziika pa mndandanda wa nyama zimene ziri pa ngozi. Mu August 2025 bungwe lomwelo linabvomera kuti nyamalikiti si mtundu umodzi koma mitundu 4 yosiyana, ndipo ya ku Luangwa iwerengedwa m'banja la nyamalikiti ya Masai, ya ku Kenya ndi Tanzania. Za ku Luangwa zonse pamodzi sizikwana 1,000, ndiko kunena kuti sukulu zina za ku Chipata ziri ndi ana ocuruka kuposa nyamazi. Nkhalango ya South Luangwa inapatulidwa kukhala malo osungira nyama m'caka ca 1938, nikhala paki ya boma m'caka ca 1972, koma nyamalikiti sizidziwa malire. Zambiri zikhala tsidya lino la mtsinje, pafupi ndi midzi ndi minda.

Mdani wace wamkulu kumeneko ndi msampha wa waya. Woucherayo afuna nswala kapena njati ya ndiwo, koma waya sasankha. Ukakola phazi la nyamalikiti, uceka khungu lothina lija, ndipo mwendo umene usenza makilogalamu mazana ambiri sucira msanga. Mnyamata amene adzachera msampha zaka zikudzazi, kapena amene adzakana kuuchera, lero ali pa benci m'kalasi la mmodzi wa aphunzitsi ali pano. Akangoloweza kuti nyamalikiti iri ndi khosi lalitali, nyamayo idzakhala kwa iye cithunzi ca m'buku cabe. Koma akawerenga mafupa 7 ndi manja ace, akagwira pfupa lomwelo pa khosi lace, akadziwa miyezi 15 imene mai wa nyamayi asenza mwana mmodzi, adzaima kaye ndi kuganiza.

Zofunika pa phunziroli ndi zocepa ndipo sizifuna ndalama: nsungwi ya mamita 5, mafupa a khosi la mbuzi, cubu cakale ca njinga, cingwe ca masentimita 45 coimira lilime, ndi kanthambi ka msangu ka minga. Sukulu za kufupi ndi Mfuwe zipemphe oyang'anira nyama kuti ana akaione nyamayo ndi maso ao, ndipo pofika kumeneko mphunzitsi asafulumire kulankhula. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ana akhale cete, ayang'ane m'mene iyendera, m'mene idyera, ndi m'mene iweramira pa madzi, ndipo pobwerera ku sukulu afotokoze okha zimene aona. Sukulu zakutali ziitane nkhalamba za m'mudzi zimene zinayendako ku cigwa, kuti zikambe zimene zidziwa, ana nalembe. Ndipo pa msonkhano ukudzawo, mphunzitsi ali yense amene wayesa njira imeneyi abwere ndi mafunso amene ana ace anamfunsa, makamaka amene iye analephera kuyankha, kuti aphunzitsi onse akawafunire mayankho pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.